Kuchoka pa Mangochi kukafika ku Joni: makilomita 1,500 kapena 1,900?

Tsiku limene tinataya apongozi anga aakazi kuno ku Mangochi, mwana wawo wamwamuna anali ku Joni. Uthenga unamupeza m'bandakucha akukonzekera zopita ku ntchito, ndipo dzuwa lisanakwere anali atandiimbira katatu. Funso lake linali limodzi: "Alamu, ndikanyamuka pompano, mayi ndiwapeza asanaikidwe?" Akuluakulu a ku mzikiti anali atanena kale kuti mwambo uchitika tsiku lomwelo ikatha swala ya masana. Ndili chigwirire foni kuseri kwa nyumba ya siwa, anyamata awiri amene anali pafupi anayamba kutsutsana chapansipansi. Wina anatsegula mapu a pafoni nati Joni ili pa makilomita 1,500. Mnzake, amene anapitako kawiri pa basi, anakana kwamtuwagalu, nati ndi pafupifupi 1,900, ndipo msana wake ndiwo mboni. Amalume a malemuwo anawayang'ana onse awiri nati, "Ana inu, ndiye kuti Joniyo ilipo iwiri?"

Joni ndi imodzi, ndipo anyamata onse awiri ankanena zoona. Nkhaniyi inandikhala mumtima, chifukwa m'boma lathu lino ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale ku South Africa. Timapangira maulendo, ndalama, ngakhale maliro, pa manambala amene sitinafunsepo kuti anachokera kuti.

Nambala yaing'onoyo ndi ya mzere wowongoka, ngati munthu atakhoma chikhomo pa Boma, china pakati pa Johannesburg, n'kukoka chingwe. Odziwa za mapu anagawa dziko lapansi ndi mizere ya mitundu iwiri. Ina ndi yopingasa, yowerengedwa kuchokera pa ikweta, ndipo digiri imodzi iliyonse ndi makilomita pafupifupi 111. Mangochi ili pa madigiri 14 ndi theka kummwera kwa ikweta, pamene Johannesburg yapitirira pang'ono madigiri 26. Kusiyana kwake kukuyandikira madigiri 12, omwe ndi makilomita ngati 1,300 olowera kummwera. Mizere inayo ndi yoimirira, ndipo imafanana ndi mizere ya pa dzungu: imatalikirana pamimba, n'kukakumana kumutu ndi kunsi. N'chifukwa chake digiri yake imachepa mukamatalikira ikweta. Ife tili pa madigiri 35 kummawa, Johannesburg pa 28, ndipo madigiri 7 amenewo m'dera lino la dziko ndi makilomita ngati 750 olowera kumadzulo. Tsono munthu wodula pakati pa bwalo la mpira, kuchoka pa kona ina kupita pa kona ya tsidya, sayenda m'litali kenako m'lifupi. Amadutsa chamtanda. Kuyenda mbali ziwirizo kukanakwana 2,050, koma kudula pakati kumabweretsa 1,500. Nambala ya mnyamata wa foni uja inachokera pamenepo.

Foni nthawi zina imatulutsa nambala yachitatu, yomwe imasokoneza kwambiri. Ikatcheredwa m'mamailosi, 1,500 yomwe ija imaoneka ngati 930, poti mailosi imodzi ndi kilomita 1.6. Achikulire athu anakula ndi mamailosi, ndipo mayina ngati Four Miles ku Zomba kapena Six Miles ku Lilongwe akusungabe mbiriyo. Oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi ali ndi mailosi yawoyawo, ya kilomita 1.852. Musanakangane ndi munthu za mtunda, yambani mwafunsana kuti aliyense akuyeza ndi chiyani.

Ndege nayo sitsata chingwe chija ndendende. Mumlengalenga muli njira zake zimene oyang'anira ndege amalondolera, nthawi ya dzinja woyendetsa amazemba mitambo ya ziphaliwali, ndipo potera amatha kuzungulira kudikira kuti apatsidwe mpata. Komabe zowonjezera zimenezi n'zochepa. Kuchoka pa Chileka kukatera pa bwalo la ndege la O. R. Tambo ku Joni ndi makilomita ngati 1,350, ndipo ndege yothamanga makilomita oposa 800 pa ola imatha ulendowu m'maola awiri ndi mphindi zochepa.

Msewu ndiwo uli ndi nkhani yaitali. Basi ikanyamuka pa Boma imatsata M3, nyanja ya Malombe ili kumanzere, kudutsa pa Ulongwe mpaka pa Liwonde, makilomita 75. Ikakhala kuti sikukatenga anthu ku Blantyre, imakhotera kumanja kulowera ku Balaka, kenako pa Chingeni, kutsika ndi msewu wa Zalewa, n'kukhoteranso kumadzulo kupita ku Mwanza. Ulendo wonsewu mtsinje wa Shire umakhala kumanzere, osauwoloka ngakhale kamodzi. Pofika pa chipata cha Mwanza mwadya makilomita ngati 240, ndipo mukadzera ku Zomba ndi Blantyre muwonjezerepo ena 50. Mukadinditsa pa Zóbuè mwalowa m'Mozambique. Mumatsika kudutsa ku Moatize kwa malasha kukafika ku Tete, makilomita ngati 120, kumene kutentha kwake ngakhale ife a kunyanja timakupatsa ulemu. Mukawoloka Zambezi mumayendanso ena 145 kudzera pa Changara mpaka pa Cuchamano, tsidya lake ndi Nyamapanda ya ku Zimbabwe. Kuchoka apo kudutsa pa Mutoko kukafika ku Harare ndi ngati 240. Kenako pamabwera chigawo chimene aliyense woyenda ulendowu amachikumbukira, makilomita 580 a Harare, Chivhu, Masvingo mpaka Beitbridge, kawirikawiri usiku, miyendo itayamba kutupa. Mukawoloka Limpopo mwatsala ndi ena ngati 540 pa msewu wa N1, kudzera ku Musina, Polokwane ndi Pretoria. Mukawonkhetsa zonse mupeza pakati pa 1,850 ndi 1,900.

Makilomita 400 owonjezerawo akuchokera kuti? Mukajambula chingwe chija pa mapu, muona kuti chikudutsa kummawa kwa Tete, n'kukapyola cha ku Mutare, ndipo mzinda wa Harare chikuusiya kumadzulo patali makilomita oposa 200. Msewu waukulu umapita kumene kuli anthu ndi malonda, ndiye umapatuka kukagwira Harare kenako n'kubwerera kummwera. Chinanso ndi mitsinje. Zambezi samuwolokera paliponse. Milatho yake ndi yowerengeka, ndipo ya ife ndi ya ku Tete: wa Samora Machel, womwe ndi wakale, ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Pakati pa Zimbabwe ndi South Africa chipata cha galimoto ndi chimodzi chokha, cha Beitbridge. Ngakhale mutakhala ndi galimoto yanuyanu ndi mafuta odzaza thanki, mlatho ndiwo umakuuzani kodzera.

Koma ine chimene chimandigwira mtima si makilomita 400 amenewo. Msewu ukuposa mzere wowongoka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi basi. Maola ndiwo amasiyana modabwitsa. Basi yodzaza, yokoka ngolo ya katundu kumbuyo, ikamayenda makilomita 75 pa ola osaima, ingafune maola 25 kuti ithe 1,900. Koma imaima. Mayiko ndi anayi, zipata zitatu, ndipo pa chipata chilichonse pasipoti imadindidwa kawiri, potuluka ndi polowa. Zidindo 6. Tiyerekeze kuti m'basi muli anthu 60, windo lotsegula ndi limodzi, ndipo munthu aliyense akutenga mphindi imodzi yokha. Ndiye kuti chidindo chilichonse ndi ola lathunthu, zidindo 6 maola 6, popanda galimoto kusuntha ngakhale phazi limodzi. Apo sitinawerenge kutsitsa katundu yense kuti aonedwe n'kumukwezanso, sikelo, marodibuloko, kumwetsa mafuta, ndi munthu mmodzi uja amene mapepala ake ali ndi vuto, basi yonse n'kumamudikira. Mu December, pamene aliyense akuthamangira kwawo, mzere wa mabasi pa Beitbridge umatalika mwakuti maola amatha musanafike n'komwe pa windo. N'chifukwa chake ulendo wa pa basi umatenga tsiku ndi theka zikayenda bwino, masiku awiri zikavuta. Chinthu chimodzi chokha sichivuta: mayiko anayi onsewa wotchi yawo ndi imodzi, simusintha nthawi paliponse.

Ndinauyenda kamodzi ulendowu, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri si misewu. Ndi mayi wina wa ku Namwera amene tinakhala mpando umodzi, atabereka khanda, akupita kwa amuna awo. Pa chipata china tinaima kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku. Madzi a m'botolo lawo anatha, matewera anatha, ndipo ndalama imene anali nayo m'chikwama sinali yogwira ntchito m'dzikolo. Anandifunsa chapansipansi, "Achimwene, kodi tayandikira?" Ndinayang'ana pa foni. Tinali tikadali kutali. Amuna awo anawauza kuti ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo iwo anakonzekera za tsiku limodzi. Azimayi ena a m'basimo anasonkherana nsalu ndi madzi, khandalo linagona. Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa kuti ku Joni n'kutali bwanji, ndimamuuza maola ndi zipata, makilomita amabwera pambuyo.

Wina anganene kuti tingokwera ndege basi. Apa ndi pamene nambala ya 1,500 ija imatinamiza ife a ku Mangochi, chifukwa palibe ndege ya anthu onse imene imanyamuka pa Mangochi kupita ku Joni. Tili ndi timabwalo ta ndege zing'onozing'ono, monga ka ku Makokola, komwe kumatera alendo odzaona nyanja. Ndege zopita kunja zimanyamukira pa Chileka, makilomita ngati 16 kuchoka pakati pa Blantyre, kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe. Choncho ulendo wathu wa pa ndege umayamba ndi msewu wa makilomita pafupifupi 200, kudzera pa Liwonde ndi Zomba, maola atatu kapena anayi pa minibasi yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pa bwalo mufike maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Mumlengalenga maola awiri ndi pang'ono. Mukatera, ola lina la zidindo ndi kudikira katundu, kenako O. R. Tambo nayenso ali ku Kempton Park, kunja kwa mzinda, ndiye mukwerenso galimoto. Kuchoka pa khomo kukafika pa khomo ndi maola 9 kapena 10. Ndi ochepa ndithu poyerekeza ndi maola 36 kapena 48 a pa basi, koma si maola awiri monga amanenera. Ndipo ulendo wa kumwambawo, womwe ndi mbali yaikulu ya mtunda, ukungodya maola awiri ndi pang'ono mwa maola onsewo.

Chodabwitsa n'chakuti agogo athu ambiri anakwera ndege ife tisanabadwe. Oyamba ankapita wapansi, miyezi m'njira, kugwira ganyu m'mafamu a ku Rhodesia kuti apeze kamba wopitirizira ulendo, ndipo ena sanabwerenso, n'kukhala matchona. Kenako bungwe la WENELA, limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, linayamba kunyamula amuna pa ndege zakezake kuchoka kuno kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, komwe ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Dzina la Wenela ku Blantyre linachokera kumeneko, ndipo mawu akuti "anapita ku Theba" akadali pakamwa pa achikulire. Pa 4 April 1974 ndege ina ya bungweli inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo atatha kontilakiti. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za m'migodi. Zinayambiranso mu 1977, koma pofika 1988 zinatheratu. Njira ya pansi nayo m'zaka zimenezo inali pa moto. Nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, galimoto zinkadutsa ku Tete pamdipiti zoperekezedwa ndi asilikali, ndipo ena ankazungulira ku Mchinji, Lusaka ndi Chirundu, kuwonjezera makilomita mazanamazana. Mtendere utabwera mu 1992 ndi pamene njira ya Tete inatseguka bwino, ndipo mabasi a ku Joni amene tikuwaona lerowa ndi ana a mtendere umenewo. Mizinda sinasunthe, koma m'moyo wa munthu mmodzi ulendo womwewu wakhalapo wa miyezi, wa maola, ndi wa masiku.

Lero ambiri amasankha basi, ndipo sindiwaona ngati osadziwa kuwerenga. Tikiti ya ndege imaposa ya basi kangapo. Chachikulu ndi katundu. Wopita amatenga ufa woyera, usipa wouma, chambo chowamba, nyemba, mpunga, zina zake zina zotumidwa ndi anansi kuti akapatse ana awo. Wobwera amabwera ndi firiji, njinga, matilesi, mabulangete, ma solar. Ndege imakuyezerani makilogalamu owerengeka, opitirira pamenepo mulipire modula. Ngolo ya basi imameza zonsezo, ndipo matransipota apanga ntchito yawo pa kusiyana kumeneku. Munthu amene wakhala zaka zitatu ku Joni sabwera ndi kachikwama ka m'manja. Kwa iye funso la mtunda limayendera limodzi ndi funso lakuti firiji ifika bwanji ku Katuli.

Kusiyana kwa mzere wowongoka ndi msewu sitifunika kukakuonera kunja. Kuchoka pa Mangochi kupita ku Lilongwe chingwe chimati makilomita ngati 170, koma njira yachidule ya pa Golomoti ndi ngati 250. Nyanja ili pa mamita ngati 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Dedza ali pa mamita ngati 1,600. Galimoto singakwere phiri lotere molunjika, ndiye msewu wa Khwekhwerere umapindika ngati njoka, kugula kukwera pang'onopang'ono ndi makilomita ochuluka. Amene amaopa makona amenewo amadzera ku Liwonde, Balaka ndi Ntcheu, n'kupitirira makilomita 300. Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndege imadula makilomita ngati 240 m'nthawi yosakwana ola, pamene msewu wa Zalewa ndi ngati 310. Koma munthu wa kuno amene angapite ku Chileka kuti akakwere ndege ya ku Lilongwe ndiye kuti wayenda pafupifupi 200 kulowera kummwera pofuna kupita kumpoto chakumadzulo. Pofika pa Chileka mnzake wa pa Golomoti amakhala akuyandikira mumzinda.

Chitsanzo chimene chimandipweteka ndi cha ku Makanjira. Kukacha bwino, munthu ali kumeneko amaona mapiri a tsidya la Salima, ndipo pamadzi sipakwana makilomita 50. Maboti amawoloka. Koma wofuna kupita pa galimoto ayambe watsika makilomita ngati 100 kubwera pa Boma, awoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, azungulire kummwera konse kwa nyanja, adutse pa Golomoti, n'kukwera kupita ku Salima. Zonse pamodzi zimaposa 250, kasanu kuposa mzere wowongoka. Ndipo 100 oyambawo akhala akuzunza anthu kwa zaka zambiri: nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza, ulendo wa maola atatu umasanduka wa tsiku lonse, nthawi zina wosatheka n'komwe. Mayi wodwala amene akufunika chipatala chachikulu samva za makilomita a pa mapu. Pa mapu kilomita ya ku Makanjira ndi ya pa N1 n'zofanana, koma ya pa N1 imatha mphindi isanakwane, pamene inayo anthu amatha kutsika n'kumakankha galimoto m'matope. Mapu a pafoni amayesa kuwerengera zimenezi akamapereka maola, koma sadziwa kuti mlatho unakokoloka usiku wathawu. Zimenezo amadziwa ndi madalaivala a pa depoti, ndipo safunsa anadya phula.

Za bwalo lalikulu la ndege ku Mangochi takhala tikuzimva kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zonse zimanenedwa m'dzina la alendo odzaona nyanja. Ine ndimalifuna bwalolo, ndipo ndimalifunira ana a boma lino amene ali ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, amene ndalama zawo zamanga nyumba zamalata kuyambira ku Chimwala mpaka ku Chiponde. Ndimadziwa kuti ndege imatera kumene kuli okwera okwanira, ndipo kuti ambiri adzapitirizabe kukwera basi chifukwa cha katundu. Koma pali masiku ena amene munthu safuna kunyamula firiji. Amangofuna kufika.

M'mawa uja, kuseri kwa nyumba ya siwa, tinawerengera limodzi ndi mlamu wanga pa foni. Atapeza mpando pa ndege ya tsiku lomwelo, akanatera pa Chileka cha m'masana, nthawi imene ife tikanakhala tikunyamula jeneza. Makilomita 1,350 akanawatha m'maola awiri, koma 200 otsalawo akanamufikitsa dzuwa likulowa. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Alamu, aikeni mayi. Musawachedwetse chifukwa cha ine." Anakwera basi madzulo omwewo. Anatsika pa Boma m'mawa wa tsiku lachitatu, maso ali psuu, mapazi atatupa mwakuti nsapato anazigwira m'manja. Anakwera kabaza mpaka kumudzi, napeza azimayi akupakula mpunga wa sadaka. Anamwa madzi okha, n'kupempha amalume ake kuti amuperekeze kumanda.